Obwereketsa ndalama akuimbira abale anga ndipo afalitsa chiphaso changa, ndipite kuti?

Wofunsa wa ku Chibavi, mu Mzuzu (wabisa dzina):
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndinatenga ngongole ya pafoni ku kampani ina ndipo ndachedwa kubweza. Ngongoleyo sindikuikana. Koma ayamba kuimbira apongozi anga, abusa athu ndi abwana anga, anthu omwe sindinawalembe ngati mboni. Dzulo aponya chithunzi cha chiphaso changa cha unzika pa gulu la WhatsApp la m'dera lathu. Kodi malamulo amalola zimenezi? Nanga ndingawalamule kuti afufute zonse zokhudza ine?

Bambo wa ku Katoto:
Achemwali, ngongole ndi ina, kufalitsa chiphaso chanu ndi nkhani inanso. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu aliyense, ndipo lamulo la Data Protection Act lomwe linayamba kugwira ntchito mu June 2024 limati amene watolera uthenga wokhudza munthu augwiritse ntchito pa cholinga chomwe anautolera basi. Chiphaso munapereka kuti akudziweni pobwereketsa, osati kuti akuchititseni manyazi. Woyang'anira lamuloli ndi MACRA, bungwe la boma loona za mafoni, mawailesi ndi intaneti.

Musanachite china chilichonse, sungani umboni. Jambulani uthenga wa pa WhatsApp uja pamene pakuoneka nambala ya wotumiza, tsiku ndi nthawi, chifukwa akangomva kuti mwadandaula adzaufufuta. Apongozi ndi abwana anu nawonso ajambule mndandanda wa mafoni omwe analandira. Ambiri amagwa apa, amapita kukadandaula ndi pakamwa pokha.

Kenako lemberani kampaniyo kalata. Mufunse kuti ali ndi uthenga wanji wokhudza inu, anautenga kuti ndipo aupereka kwa ndani. Muwauze asiye kuimbira anthu omwe si mboni zanu, achotsenso chithunzi chija. Kalatayo ikhale makope awiri, imodzi akudindireni chidindo ndi deti nkubwera nayo. Akakana kudinda, itumizeni pa imelo. Akangokhala chete, tengani kalata ndi umboni uja mukadandaule ku MACRA.

Mayi wa ku Luwinga:
Manambalawo ayenera kuti anawatenga mufoni mwanu momwemo. Pulogalamu zambiri za ngongole zimapempha chilolezo choona manambala pomwe mukuziika, munthu nkungodina kuvomera poti ndalama ikufunika msanga. Lowani mu Settings, pitani pa Apps, sankhani pulogalamuyo, pa Permissions muzimitse Contacts, SMS ndi zithunzi. Dziwani kuti izi zingotseka khomo kuyambira lero, zomwe anakopera kale ali nazobe. Nchifukwa chake kalata ija ndi yofunika. Pulogalamuyo musaichotse musanajambule mgwirizano ndi ndalama zomwe mwabweza kale.

Wofunsa:
Zikomo amayi. Ndiye popeza ndinadina kuvomera, si kuti ndinadzimangirira ndekha?

Mayi wa ku Luwinga:
Ayi. Chilolezo chimabwezeka, lamulo limakulolani kuchichotsa. Komanso manambala a apongozi anu si anu okha, eni akewo sanavomere kalikonse, nawonso atha kudandaula paokha.

Bambo wa ku Mchengautuwa:
Ine ndikonze pang'ono za kufufuta, kuti musayembekezere zosatheka. Ufulu wofufutitsa ulipo, koma sufika pa mbiri ya ngongole yomwe simunamalize kubweza. Dzina lanu, ndalama zomwe munatenga ndi zomwe zatsala, izi adzasunga ndithu, ndipo ngati ndi kampani yovomerezeka amazitumizanso ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole pansi pa Credit Reference Bureau Act ya 2010. Chomwe mungakakamire kumeneko ndi kukonzetsa zolakwika, monga atalemba kuti simunabweze pomwe malisiti muli nawo. Manambala a abale ndi zithunzi za mufoni, zimenezo ndiye zoyenera kufufutidwa.

Fufuzaninso ngati kampaniyo ili ndi chiphaso chochitira bizinesiyi chochokera ku Reserve Bank of Malawi. Ikakhala nacho, dandaulo lina lipite kwa Registrar of Financial Institutions, woyang'anira makampani a zachuma ku Reserve Bank komweko, ndipo makampani amaopa kumeneko chifukwa chiphaso chawo chili m'manja mwake. Ikakhala kuti ilibe, ndi katapila wovala tayi, ndipo kalata yanu mwina sayankha nkomwe. Zikatero pitani kupolisi ya Mzuzu ndi umboni uja, pakuti kuzunza munthu kudzera pa intaneti ndi mlandu pansi pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Mukafuna chipukuta misozi koma loya simungakwanitse, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu Mzuzu momwemuno.

Bambo wa ku Katoto:
Zoona. Ndipo pitirizani kubweza ngakhale pang'onopang'ono, kudzera njira yosiya umboni ngati Mpamba kapena Airtel Money, osati kupatsira munthu pamanja. Ulendo wina mukamapereka fotokope ya chiphaso, lembani modutsa pamwamba pake deti, dzina la amene mukumupatsa ndi ntchito yake, kuti wina asakatengere ngongole m'dzina lanu.