Galimoto zatsopano zolira ukangopyola liwiro: tigule kapena titenge yakale?

Mayi_a_Tadala: Akuluakulu a ku UK ndi ku Ireland kuno, thandizani maganizo. Pa ndalama imodzimodzi munthu angatenge kagalimoto katsopano ka 2025, kapena yokulirapo ya 2020 yoyendapo kale. Katsopanoko akuti kali ndi ISA, kaja kamawerenga zikwangwani za liwiro n'kumalira. Kodi ndi chinthu choti munthu n'kuikirapo ndalama, kapena ndi mutu wopanda pake?

Kabwerebwere: Mutu weniweni, mayi. Ogulitsa amakuuzani kuti mukhoza kukazimitsa. Chomwe sanena n'choti mukazimitsa galimoto n'kuilizanso, kamabwerera kokha. Kupita kukasiya ana kusukulu, zimitsani. Kuima pa shopu, zimitsaninso. Mwalipira ndalama zankhaninkhani kuti galimoto yanu izikukalipirani ngati apongozi. Uku n'kubedwa dzuwa likuswa mtengo.

Sipanala_Dublin: Tiyambe talongosola, chifukwa ambiri amasokoneza. ISA ndi Intelligent Speed Assistance, ndipo ili mu lamulo la EU nambala 2019/2144. Mitundu yatsopano ya galimoto inayamba kukakamizidwa pa 6 July 2022, kenako kuyambira 7 July 2024 galimoto iliyonse yatsopano yogulitsidwa mu EU iyenera kukhala nayo. Kamera ili kuseri kwa galasi loonera kumbuyo lija imawerenga zikwangwani, ndipo galimoto zambiri zimaphatikizanso mapu ndi GPS. Wopanga amasankha imodzi mwa njira zinayi zochenjezera: kulira, kunjenjemeretsa, kulimbitsa akiseleleta kuti izikankha phazi, kapena kuchepetsa mphamvu ya injini. Ambiri anasankha kulira poti n'kotchipa. Ngakhale pa yochepetsa mphamvu ija, mukaponda kwambiri galimoto imapita. Simangidwa miyendo ayi.

Kabwerebwere: Bwana makanika, mwalemba ngati kabuku ka mu dashibodi. Funso ndi loti imabwerera yokha kapena ayi?

Sipanala_Dublin: Imabwerera, ndipo ndi lamulo lomwelo likutero, si chinyengo cha wogulitsa. Koma injini ikazima yokha pa maloboti chifukwa cha stop-start, sibwerera. Ndi pokhapokha mwazimitsa ndi kiyi kapena batani.

Che_Jafali_Leeds: Achimwene a ku Dublin, lamulo lanulo ndi la kwanu konko. Kuno tinatuluka mu EU. England, Scotland ndi Wales sanalikhazikitse nthawi imene inu munayamba. Ndi Northern Ireland yokha imene inalitsata.

Sipanala_Dublin: Zoona, koma pitani pa shoroomu ku Leeds komweko mukaone. Fakitale siyingapange galimoto ina ya Dublin ina ya Leeds pomwe zonse chiwongolero chili kumanja. Amangoika monse.

Bwana_V6: Inu mukukangana za kabelu. Wodziwa galimoto amayang'ana kuti kuzimitsa kwake n'kotani asanasaine pepala lililonse. Renault ndi Dacia ali ndi batani la My Safety pambali pa chiwongolero: mumasankhiratu kamodzi zomwe simukuzifuna, ndiye tsiku lililonse mumangodina kawiri basi. Pa Hyundai ndi Kia zambiri zatsopano mumagwira batani la mute la pa chiwongolero kwa masekondi angapo. Galimoto zina mpaka mulowe pa sikirini, menyu mkati mwa menyu, maso ali pansi m'malo mwa pamsewu. Zimenezo n'zogula anthu ogula ndi maso. Ife a magalimoto enieni timadziwa kuti ngakhale Volvo anadzitsekera yekha pa 180 km/h kuyambira 2020 popanda womukakamiza, ndipo palibe analira.

Nachisale_wa_ku_Cardiff: A V6, 180 mukaithamangira kuti? Kuno ku Wales kuyambira 17 September 2023 misewu yambiri ya m'makomo ndi 20 mph. Phazi lozolowera 30 silimva kuti lapyola. Chindapusa chochepetsetsa ndi £100 ndi mapointi 3 a chilango pa laisensi. Amene mwangotenga laisensi ya kuno, mapointi 6 m'zaka ziwiri zoyamba laisensi yapita, mukayambirenso mayeso onse. Kwa ogwira ntchito yosamalira odwala m'makomo, oyenda nyumba khumi pa tsiku m'misewu yosaidziwa, kabeluko n'kotchipa kuposa kamera ya pamsewu.

Sipanala_Dublin: Kwathu kuno ndi €160 ndi mapointi 3, ndiye musadandaule kwambiri.

Kabwerebwere: Achemwali a ku Cardiff, mukunena ngati kamawerenga bwino. Kamaona chikwangwani cha kamsewu kopatukira n'kumati ndi chanu, muli pa motorway. Kamaona zomata za 80 ndi 90 kumbuyo kwa mathiraki ochokera ku Ulaya n'kuziyesa zikwangwani. Chikwangwani chikabisika ndi masamba, kamakhalabe pa liwiro lakale mpaka kalekale. Akamaliza kukonza msewu n'kuchotsa zikwangwani za 50, mapu ena amakhala akadali pa 50 pomwepo.

Sipanala_Dublin: Apa ndiye mwanena zoona, akulu. Lamulo limangofuna kuti ISA ilondole liwiro pa 90 peresenti ya mtunda woyesedwa, ndi 80 peresenti pa mtundu uliwonse wa msewu: wa m'tauni, wa kunja kwa tauni ndi motorway. Ndiye kuti galimoto yolakwitsa kilomita imodzi pa makilomita khumi alionse yakhoza mayeso. Chitsanzo cha kuno: pa 7 February 2025 misewu ing'onoing'ono ya kumidzi inatsitsidwa kuchoka pa 80 kufika pa 60 km/h. Galimoto imene mapu ake sanakonzedwe ikhoza kumakuonetsani 80, ndipo Garda, apolisi a kuno, sadzamva zoti dashibodi inatero. Mlandu ndi wa dalaivala. Ku UK vuto lina ndi loti msewu wa magetsi a mumsewu umakhala wa 30 (ku Wales 20) popanda zikwangwani zobwereza, ndiye kamera yokha ilibe choti iwerenge.

Choopsa kwenikweni si kulirako. Ndi pamene mwalumikiza kuwerenga zikwangwani ndi adaptive cruise control, kaja koyendetsa galimoto pa liwiro lomwe mwaika n'kumalisintha kokha. Ikawerenga 40 molakwika muli pa 70, galimoto imayamba kudzichepetsera liwiro, kumbuyo kuli thiraki. Lowani m'masetingi, musankhe kuti izikufunsani kaye musanavomereze liwiro latsopano.

Mtchipisi: Nonsenu mukuvutikiranji? Tengani ya 2019 kapena 2020. Zambiri zili kale ndi batani lolembedwa LIM: mumaika nokha 30, galimoto siipyola pokhapokha mutaponda mpaka pansi. Silira, siwerenga thiraki ya munthu. Pa foni ikani Waze, pulogalamu ya mapu ija, muyatse chenjezo la liwiro, ulere. Ndalama yotsalayo tumizani kumudzi agule malata.

Bwana_V6: Malata ndi galimoto zikugwirizana pati?

Mtchipisi: Zikugwirizana m'thumba, bwana. Ndipo poti mumakonda zikuluzikulu, kumbukirani kuti ya petulo kapena dizilo yopyola £40,000 ili ndi msonkho wapamwamba, mu 2025 unali £425 pa chaka kwa zaka zisanu, kuwonjezera pa £195 wa aliyense.

Che_Jafali_Leeds: Mayi aja afunsa za kagalimoto kakang'ono, inu mwafika pa £40,000.

Sipanala_Dublin: A Mtchipisi, yakaleyo siipa, koma musamanene ngati kusiyana ndi kabelu kokha. Lamulo lomwe lija linabweretsanso buleki yodzigwira yokha pangozi, chothandiza kuti galimoto isatuluke mu mzere, chochenjeza woyendetsa akayamba kusinza, ndi kabokosi kosunga zomwe zinachitika masekondi ochepa ngozi isanachitike. Ya 2020 ikhoza kukhala ndi zina mwa izi kapena ayi, zimatengera mtundu wake. Koma kunena chilungamo, yatsopano ili ndi mtengo wobisika: galasi lakutsogolo. Likasweka n'kusinthidwa, kamera iyenera kuchunidwanso, mwina ndi bolodi loimika patsogolo pa galimoto pamalo osalala, mwina poyenda nayo pamsewu wa mizere yooneka bwino kompyuta ili yolumikizidwa. Akadumpha zimenezi, kamera imayang'ana pambali ndipo buleki yodzigwira ija imasokonekeranso. Funsani a inshulansi ngati kuchunako kuli mkati musanalipire. Mapu nawo wopanga ayenera kupereka atsopano ulere kwa zaka 7, zikatha akhoza kukulipiritsani.

Kabwerebwere: Mwamva? Kabokosi kokunenerani kupolisi, ndi mapu olipira. Ndimanena ine.

Nachisale_wa_ku_Cardiff: Kabokosiko sikatumiza kanthu kwa munthu mukamayenda, akulu. Musachisokoneze ndi black box ya inshulansi ija amaika kwa achinyamata, imeneyo ndiye imanena zonse.

Che_Jafali_Leeds: Chinanso, musadabwe kabelu ka ISA kakamalira pomwe Waze ikuti muli bwino. Sipidomita saloledwa kuonetsa liwiro lochepera lenileni, ndiye opanga amaikweza pang'ono. Ikamati 32, mwina mukuyenda 30. ISA imatsata sipidomita, osati foni.

Sipanala_Dublin: Ndipo sikalira pompopompo. Kamayamba ndi kuphethira pa dashibodi. Mukapyola pang'ono kulira kumabwera pakatha masekondi 6, mukapyola ndi 10 peresenti masekondi 5, ndi 30 peresenti masekondi 3. Pa msewu wa 30 ndiye kuti 33 ndi 39. Kamalira masekondi ochepa n'kusiya.

Mayi_a_Tadala: Nanga ikadzatumizidwa kumudzi pakatha zaka zingapo?

Mtchipisi: Apo ndiye mwafika penipeni. Pa M1 wa ku Malawi zikwangwani zina zinazulidwa kalekale, zina zinafufutika ndi dzuwa. Mapu a mu galimotoyo ndi a ku Ulaya. Ya ku UK ikaona 80 ikhoza kuiyesa 80 mph mukapanda kusintha masetingi, pomwe kwathu ndi makilomita. Galasi likasweka ndi mwala kupita ku Mzimba, bolodi lochunira kamera mukalipeza kuti? Yotumiza kumudzi ndi ya ku Japan basi, yotsekedwa pa 180, mapatsi ake ali mbwee mu Lilongwe.

Bwana_V6: Ya ku Japan yolankhula Chijapani m'mawa uliwonse ija? Bola kabelu.

Nachisale_wa_ku_Cardiff: Mayi, pemphani kuyesa yatsopanoyo kwa theka la ola m'misewu imene mumayendamo, wailesi ili chete. Werengani kuti yalakwitsa kangati, ndiponso kuti kuzimitsa kukutenga kudina kangati.

Kabwerebwere: Akakupatsani theka la ola mudzatiuze. Amangokuzungulitsani kuseri kwa shoroomu n'kubwerera.

Mtchipisi: Ya 2020 ija ndi mtundu wanji, mayi? Ngati simuifuna tipatseni nambala ya wogulitsayo.