Mowa wa pa chiliza mu September: mawere ndigulirethu pano kapena ndidikire?

NaBanda_wa_25

Moni nonse muno. Funso langa likupita kwa amene mumadziwa zofulula. Kwathu ku Dedza tikumanga chiliza cha malemu bambo athu ndipo mwambo wake uli kumapeto kwa September, nde pa nkhumano ya banja ine anandipatsa mbali ya mowa ndi thobwa, ati popeza ndimakhala mtauni ndalama ndimachita kutola kkkk. Ofulula alipo, ndi azakhali, iwo ndi akatswiri sindikuwakayikira, koma kugula zonse kuli pa ine. Pafoni anangoti mawere, chimanga, nkhuni ndi migolo iwiri, basi foni nkudula.

Pano tili mu June. Maganizo anga ndi oti ndigulirethu panopa zinthu zisanakwere, koma ndikuopa anankafumbwe komanso kuti mwina mawere akakhalitsa samera. Komanso pamsika ndimaona azimayi akugulitsa chimera chogaya kale cha m'mabeseni chija, kodi osangogula chomwecho nkuchisunga m'chidebe? Nanga shuga amafunika? Chifukwa ngati amafunika bola ndiziguliratu pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Ndithandizeni, sindikufuna kukachita manyazi pamaso pa akuchimuna.

GogoNaJere

Mwana wanga gula mawere panopa, usadikire. Koma ugule mawere, osati chimera chogaya. Ndikuuze chifukwa chake.

Mowa wa masese mphamvu yake yonse ili mu chimera. Phala lija palokha ndi phala basi, chimene chimalisungunula kuti lisanduke lotsekemera ndi chimera, ndipo kutsekemera kumeneko ndi kumene kumadzasanduka ukali mowa ukamawira mumgolo. Tsono chimera chikagayidwa sichichedwa kufooka, chimakoka chinyezi, chimayamba kafungo, ndipo miyezi itatu m'chidebe udzapeza kuti wasunga ufa wamba. Chapamsika chija ndi cha munthu amene akufuna kuphika thobwa mawa kapena mkuja. Komanso sudziwa kuti muli chani, ena amasakanizamo mgaiwa kuti beseni lidzadze, ndiye iwe uthira mlingo wako wa masiku onse koma phala osasungunuka, lingoti gwa. Pa chiliza anthu ali mbwee, zimenezo azakhali ako sangakukhululukire.

Mawere ndi mbewu yopirira. Njere zake ndi zazing'ono zolimba, anankafumbwe sawakonda ngati mmene amachitira ndi chimanga, makolo athu ankasunga zaka osathira kanthu. Bola akhale ouma bwinobwino, uwaike m'thumba, thumbalo pa thabwa kapena pa njerwa, osati pa simenti penipeni. Ofunika kuwayang'anira ndi makoswe okha.

Koma usanagule ambiri uyambe wayesa ngati ali amoyo. Gula kambale kamodzi, uwerenge njere 100, uziike pa kansalu konyowa, upinde, uike pa malo ofunda. Pakatha masiku atatu kapena anayi utsegule uwerenge zomwe zatulutsa mizu. Ngati zamera pafupifupi zonse bwerera kwa mwini wake ukagule. Ngati zamera theka asiye, amenewo ndi okhalitsa kwambiri kapena anavumbwa. Nyengo ino kukuzizira nde amachedwerako, usafulumire kuwaweruza.

Chimera chenichenicho akapange azakhali ako kumudzi, kumayambiriro kwa September. Kunyika usiku umodzi, kukhetsa madzi, kuvundikira m'thumba kapena ndi masamba a nthochi, kumawaza timadzi, masiku atatu anayi chamera, kenako kuyanika padzuwa mpaka chiume kuti gwaa. Dzuwa la September ndi labwino pa ntchito imeneyi. Kuchigayo chipite kutatsala masiku ochepa kuti atereke.

Mjomba_Vendor

Agogo anena zoona, ine ndingowonjezera za msika popeza ndi ntchito yanga. Sisi mbewu zimatsika mtengo kuyambira May mpaka July pomwe alimi akufuna ndalama, ikamafika August zayamba kale kukwera chifukwa ndi nyengo ya maukwati, zinkhoswe, ziliza ndi zinamwali, aliyense akufuna thobwa. Mawere ndiye amakwera msanga kuposa chimanga chifukwa olima ndi ochepa. Ambiri abwino amachokera kumpoto, Chitipa ndi Mzimba uko, kumeneko amati lipoko, nde ngati muli ndi munthu wodutsa pa Jenda mtumeni. Apo ayi poti mukupita ku Dedza komweko, imani pa Chimbiya kapena mupitirire pa Lizulu tsiku la msika, mtengo wake siungafanane ndi wa mu Lilongwe muno pomwe katundu wadutsa kale m'manja mwa anthu atatu.

Tengani ndowa yanu yoyezera. Ndikunena ine wogulitsa kkkk. Ndowa zina zinamenyedwa kunsi. Ndipo pisani dzanja mpaka pansi pa thumba, mawere amabisa mchenga kwambiri chifukwa amapunthira pansi, mchengawo mukaulipira mudzaumvanso m'mano pomwa.

Upangiri wina, musagule mtauni nkumalipira thiransipoti kupititsa kumudzi, chimanga gulani kumudzi komweko. Kwacha chiigwetsereni mu November 2023 ndi 44 peresenti ija, ndalama yosunga m'thumba imasungunuka, bola kusunga katundu.

Mlangizi_Kasiya

Pa chimanga ndi pamene ndikufuna kulankhulapo chifukwa ndi pamene anthu amalakwitsa. Pali kachizolowezi koti chimanga chabwino timasunga cha nsima, chofumbwa ndi chowola chija timati ichi nchamowa. Chonde musatero. Chimanga cha chuku chimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, ameneyu safa ndi moto ngakhale phala libwate tsiku lonse, ndipo amawononga chiwindi pang'onopang'ono. Ndiye muganize, pa chiliza thobwa lija amwa ndi ana omwe. Chimanga cha mowa chikhale choti inuyo mukhoza kudya nsima yake osanyinyirika.

Kuti mudziwe ngati chauma mokwanira, tengani botolo louma, thiranimo chimanga pang'ono ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, musiye kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo ndiye kuti chikadali ndi chinyezi, yanikaninso. Kapena kungoluma njere, youma imathetheka.

Kusunga kwake ine ndingati gulani matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Mukamanga bwino mpweya umatha mkatimo ndipo anankafumbwe amafa okha popanda mankhwala. Koma osamatsegulatsegula, ndipo pulasitiki ikabooka ntchito yatha. Mankhwala a anankafumbwe a Actellic amagwira ntchito inde, koma miyezi itatu yokha komanso chinthu choti anthu akamwe, ine sindikuona chifukwa. Mukathira ndiye tsatani mlingo wolembedwa pa botolo ndipo mudzapete ndi kutsuka musanagayitse. Mapilitsi aja ena amaponya m'matumba m'nyumba yogona ndiye ayi ndithu, mpweya wake umapha anthu.

Chinanso, mbewu yotsala yobzala ija yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira isayandikire mowa. Utoto uja ndi chizindikiro choti inathiridwa mankhwala.

Ngati mawere asowa nkuganiza zogwiritsa mapira monga amachitira ku Chikwawa ndi Nsanje, chimera chake chimatheka ndithu, koma chikauma muzichifikisa m'manja nkupeta kuti timizu ndi timphukira tichoke. Mphukira za mapira zimakhala ndi poizoni, ndi chifukwa chomwecho ng'ombe zimatha kufa zikadya mapira ophukira kumene.

Chimz_Joni

Kkkk nkhani iyi yandikumbutsa 2020 kuno ku Johannesburg. Boma litatseka zogulitsa mowa kumapeto kwa March pa lokudauni ija, aliyense anasanduka ofulula, yisiti anasowa m'mashopu, zinanazi zinakwera mtengo, ngakhale mapaketi a chimera a King Korn aja omwe anthu akuno amaphikira umqombothi, mowa wawo wa masese, ankangotha akangofika. Amene anali ndi katundu kale m'nyumba ndi amene anamwa. Nde achemwali guliranitu basi.

Koma ine ndisiyaneko pang'ono ndi agogo. Kuno chimera timagula cha m'paketi, chogaya kale, ndipo chimakhala miyezi osawonongeka, mowa wake umatuluka bwinobwino. Nde sikuti chogaya nchoipa ayi.

GogoNaJere

A Chimz, cha m'paketi chanucho anaumitsa ndi makina nkumata paketi kuti mpweya usalowe. Ine ndikunena cha m'beseni chokhala padzuwa ndi pafumbi pamsika tsiku lonse, madzulo nkukagona m'nyumba chosavundikira. Sizofanana bambo.

AchimweneAkuNtcheu

Palibe amene wayankha za shuga nde ndiyankhe ine. Mowa wa masese weniweni sufuna shuga. Shuga ndi wa ofulula ogulitsa amene akufuna mowa ukalipe msanga kuti anthu aledzere ndi makapu awiri, komanso ndi wa kachasu. Mowa wa pa mwambo ukathiridwa shuga akuluakulu amadziwa pakamwa koyamba, ndipo mmawa mutu umachita ngati akukhomamo misomali. Kwathu kuno kwa Angoni azimayi amanyadira kuti wanga ndi wa mawere okhaokha. Pa thobwa pokha mwina mungafune mapaketi angapo chifukwa ana a masiku ano anazolowera zotsekemera kwambiri, koma chimera chikakhala champhamvu ndipo athira phala litazizirirako, osati lili lobwata, thobwa limatsekemera lokha. Akathira pamoto penipeni chimera chimapsa mphamvu, apo ndi pamene anthu amathamangira shuga kubisa. Shuga wa tiyi wa alendo yekha ndiye muziguladi pang'onopang'ono, tonse tikukumbuka mmene anasowera kumayambiriro kwa 2024, koma June mpaka September ku Nchalo ndi ku Dwangwa amakhala akugaya nzimbe nde si nyengo yoopsa kwenikweni.

Chimene mukuchiiwala nonse ndi nkhuni. Achemwali mowa umadya nkhuni koopsa, migolo iwiri kubwatitsa kawiri, kuwonjezapo thobwa, kuwonjezapo nsima ndi ndiwo za khamu lonse lija. Makala sangathe, mbaula siyinyamula mgolo. Pamafunika zikuni zikuluzikulu zouma, ndipo ku Dedza mitengo inachepa, mukadikira September mudzagula zaziwisi zofuka utsi ndipo mowa udzanunkha utsi. Tumizani ndalama panopa anyamata akagule bulugamu kwa amene ali ndi nkhalango yake, awaze, aunjike kuseri kwa nyumba ziziuma. Zitsononkho za chimanga chomwe akutonola panopa asataye, zimathandiza kuyatsira.

Migolo nayo muyang'anitsitse. Mgolo wachitsulo woti munali mafuta a galimoto, penti kapena mankhwala a m'munda usagwire ntchito ngakhale autsuke bwanji. Funsani kaye kumudzi, nthawi zambiri pamakhala mayi wina amene ali ndi migolo yake yofululira ndipo amabwereketsa, mumangomupatsa kandalama kapena chidebe cha mowa. Yakale yozolowera mowa ndi yabwino kuposa yatsopano. Yapulasitiki ya buluu ija ndi yosungira madzi ndi kuthiramo mowa utazizira, bola mudziwe chomwe munali poyamba. Ndipo madzi, September zitsime zina zimakhala zaphwa, muwauziretu atsikana otunga kuti tsiku lotereka pamjigo adzalawirire.

Za kuchuluka kwa mawere ndi chimanga musamve za ife muno, aliyense ali ndi dzanja lake. Aimbireninso azakhali akuuzeni ndowa zingati za chimera ndi zingati za ufa pa mgolo umodzi, inu muwonjezerepo ndowa imodzi ya mawere pamwamba, chifukwa popeta ndi pochotsa mchenga amachepa, komanso pa mwambo sipalephera munthu wobwera ndi kambale kudzapempha ka chimera.

NaBanda_wa_25

Zikomo kwambiri nonse, agogo mwanditsegula maso, ine ndimati ndikangotenga cha m'beseni chija. Ndawaimbira azakhali, ati mawere ndowa zitatu ndipo migolo abwereka kwa anzawo a mpingo wina omwe saletsa mowa kkkk, nde ndalama ya migolo ipite ku nkhuni. Loweruka ndikutsika ndi ndowa yanga. Funso lomaliza a Mlangizi, mawerewo ndingawaikenso mu thumba la PICS limodzi ndi chimanga, kapena akatsekeredwa opanda mpweya samera?

Mlangizi_Kasiya

Akakhala ouma bwino amamera ndithu, mbewu youma siifa mu PICS pa miyezi itatu. Koma musasakanize ndi chimanga, kudzalekanitsa kwake mudzalira. Mawere aikeni mu saka yawoyawo, ndipo pofika kumapeto kwa August azakhali ayesenso njere 100 zija asananyike onse.