Kumeta hatchi yokalamba koyamba: kodi ndiyambire pati?

Nachisale analemba:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwasunga mahatchi kwa nthawi yaitali. Ndili ndi hatchi yaikazi ya zaka 23, dzina lake Nyenyezi, imene ndakhala nayo kwa zaka 11, ndipo pa nthawi yonseyi sindinaimetepo, komanso amene ndinagulako anandiuza kuti nawonso sanaifikitsepo pafupi ndi makina ometera. Kale ubweya wake wa m'nyengo yozizira unkamera pa nthawi yake n'kuthothoka wokha kunja kukayamba kufunda, koma zaka ziwiri zapitazi wakhala ukutalika kwambiri mpaka kupotanapotana pansi pa chibwano, pamimba ndi kumbuyo kwa miyendo. Chaka chatha unachedwa kuthothoka, moti anzake onse m'khola anali atasalala kale iyo idakali ngati nkhosa.

Ndimaikwerabe katatu pa mlungu, kwa mphindi 40 zokha, moyenda ndi kuthamanga pang'ono. Chimene chikundivuta ndi thukuta. Imabwerako itanyowa khosi lonse ndi chifuwa, ndipo ngakhale ndiipukute ndi matawulo kwa nthawi yaitali, dzuwa limalowa isanaume. Dzulo cha m'ma 8 koloko usiku ndinapisa dzanja mu ubweya wa pachifuwa pake n'kupeza khungu lidakali lonyowa ndiponso lozizira, ndipo ndinagona mtima uli m'mwamba.

Mnzanga wandibwereka makina ometera ndipo akuti ndingoimeta thupi lonse kuti ndithane nazo. Ine ndikukayika, chifukwa hatchiyi ndi yokalamba, mawondo ake amauma ikaima nthawi yaitali, ndipo sindikudziwa kuti phokoso la makinawo idzalilandira bwanji. Kodi ndimete thupi lonse kapena mbali zina zokha? Nanga ndikaimeta, ndiziisamala motani kuti isazizidwe?

Mwale anayankha:

Mayi Nachisale, musanagwire makinawo ndikupemphani kuti muyambe mwaitana dokotala wa ziweto, chifukwa zimene mwafotokozazi sizikumveka ngati ubweya wamba wa m'nyengo yozizira. Hatchi imameretsa ubweya wambiri makamaka chifukwa cha kufupika kwa masana, osati kuzizira kokha, ndipo masana akayambanso kutalika ubweyawo umathothoka. Ubweya ukamatalika mopitirira, kupotana ndi kukana kuthothoka pa hatchi ya msinkhu umenewo, kawirikawiri chimakhala chizindikiro cha matenda otchedwa PPID, amene ambiri amangowatchula kuti Cushing's. Matendawa amayambira m'kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, kamene kamayamba kutulutsa mahomoni ochuluka kuposa muyeso, ndipo amagwira pafupifupi hatchi imodzi mwa zisanu zilizonse zimene zapitirira zaka 15. Kutuluka thukuta kwambiri, kumwa ndi kukodza mowirikiza, kuphwa kwa minofu ya pamsana mimba n'kulendewera, ndi zilonda zochedwa kupola, zonsezi zimayendera limodzi ndi matendawa.

Dokotala amatenga magazi n'kuyeza homoni yotchedwa ACTH. Homoniyi imakwera yokha ngakhale mu hatchi yathanzi pa nyengo imene masana akufupika, choncho zotsatira zake amaziwerenga molingana ndi mwezi umene magazi atengedwa. Mankhwala amene amagwiritsidwa ntchito ndi pergolide, amene hatchi imamwa tsiku lililonse kwa moyo wake wonse. Chifukwa chimene ndikulimbikira si maonekedwe a ubweya ayi, koma ziboda. Hatchi ya PPID imagwidwa mosavuta ndi laminitis, kutupa kwa minofu imene imalumikiza chiboda ndi fupa la mkati mwake, ndipo ameneyu ndiye amapha mahatchi okalamba ambiri amene eni ake ankaona ngati akungovutika ndi ubweya. Mukangometa osayeza, mudzachotsa chizindikiro chimene chikanakuchenjezani, matenda n'kutsala momwemo.

Izi sizikutanthauza kuti musamete. Hatchi yonyowa imene ikugona kunja kukuzizira ili pangozi kuposa yometedwa imene yafunditsidwa bwino, ndipo pansi pa ubweya wonyowa nthawi zonse m'pamene matenda a pakhungu amayambira. Koma malangizo a mnzanuyo oti mumete thupi lonse sindikugwirizana nawo pa ulendo woyamba. Thukuta lambiri limatuluka kunsi kwa khosi, pachifuwa, pakati pa miyendo yakutsogolo ndi pamimba, ndiye yambani ndi malo amenewo okha. Kametedwe kochotsa ubweya wa kunsi kwa khosi ndi pachifuwa pokha kamatchedwa bib clip, ndipo kopitirira mpaka pamimba ndi m'munsi mwa nthiti, kotsatira mzere wowongoka m'mbali mwa thupi, kamatchedwa trace clip. Kwa hatchi yogwira ntchito ya mphindi 40 katatu pa mlungu, kamodzi mwa kametedwe kawiriko n'kokwanira. Msana, chiuno ndi miyendo zisiyeni ndi ubweya wake, chifukwa minofu yokalamba ndi mfundo za nyamakazi zimafuna kutentha. Mukaona kuti ikutulukabe thukuta, mutha kudzakweza mzerewo pakatha milungu ingapo, pamene ubweya umene mwachotsa kale simungaubwezere pamsana.

Nangozo anayankha:

Ndikuvomerezana ndi Bambo Mwale pa zonse, ine ndingowonjezera za ntchito ya manja, popeza ndameta mahatchi okalamba angapo ndipo ndalakwitsapo zambiri.

Kumeta kumayamba masiku angapo tsiku lometalo lisanafike. Tengani makinawo osayatsa, muilole iwanunkhize, kenako muwayendetse pakhosi ndi paphewa ngati mukuipesa. Tsiku lotsatira muwayatse muli chapatali iyo ikudya udzu, ndipo muziyandikira pang'onopang'ono. Ikazolowera phokoso, ikani dzanja lanu paphewa pake n'kugunditsa makina oyaka pamwamba pa dzanjalo, kuti kunjenjemerako ikumve kudzera mwa inu poyamba. Mahatchi ambiri saopa kwenikweni phokoso, amaopa kunjenjemerako, makamaka kukafika pamalo pamene fupa lili pafupi ndi khungu. Ikaima bwino kwa kanthawi, zimitsani makinawo inuyo isanayambe kuvuta, kuti iphunzire kuti kudekha ndiko kumathetsa phokosolo.

Ubweya uyenera kukhala woyera ndiponso wouma kotheratu. Ngati nyengo ikulola, isambitseni dzulo lake, ndipo ngati kwazizira kwambiri, ipeseni mwamphamvu n'kuipukuta ndi tawulo loviikidwa m'madzi otentha ndi kufinyidwa bwino. Fumbi ndi mchenga wa mu ubweya zimabunthitsa malezala a makina mofulumira kwambiri, ndipo lezala lobuntha silidula koma limazula, hatchi n'kuyamba kudana ndi makinawo kwa moyo wake wonse. Popeza makinawo ndi obwereka, funsani mwini wake kuti malezala ananoledwa liti, ndipo mukhale ndi ena apadera. Onaninso ngati ali makina akuluakulu ometera thupi, chifukwa timakina tating'ono tokonzera kumaso sitingalowe mu ubweya umene mwafotokozawu. Lezala la nambala 10 limasiya ubweya wotalika pafupifupi mamilimita 1.5, ndipo musatenge la nambala yokwera kuposa pamenepo, chifukwa nambala ikamakwera ndiye kuti likumeta mompala kwambiri.

Jambulani mzere ndi choko mbali zonse ziwiri musanayambe, ndipo muime kutsogolo ndi kumbuyo kuti muone ngati mizereyo ikulingana. Yambirani paphewa, pamene pali minofu yambiri. Makina aziyenda motsutsana ndi kumene ubweya wagonera, lezala litagona bwino pakhungu, ndipo mzere uliwonse uzilowerera pang'ono pa umene mwadutsa kale kuti pasatsale mikwingwirima. Pakatha mphindi 10 zilizonse, zimitsani, chotsani ubweya ndi kaburashi, thirani mafuta, ndipo gunditsani lezala kuseri kwa dzanja lanu. Likakutenthani inu, ndiye kuti iyo layamba kale kuiwotcha.

Kumene ndinalakwitsa ine kunali m'khwapa. Hatchi yokalamba imakhala ndi khungu lofewa ndi lolendewera, ndipo kuseri kwa chigongono limapindikapindika ngati nsalu yosasita. Tsiku lina ndinali ndekha, ndatopa, ndipo ndinalowetsa makina pamenepo osakoka khungu. Kapindi kamodzi kanalowa pakati pa mano a lezala, hatchi inadumpha, ndipo panatsala bala laling'ono ngati chikhadabo limene linatenga milungu iwiri kuti lipole chifukwa linkatseguka ikamayenda. Kuyambira pamenepo ndimakhala ndi munthu wachiwiri woti anyamule mwendo n'kuukokera kutsogolo pang'ono, ine n'kutambasula khungu ndi dzanja lamanzere. Kwa hatchi ya mawondo ouma ngati yanuyo, mwendowo asaunyamule m'mwamba kwambiri kapena kuugwira nthawi yaitali. Musanamete paliponse, yambani mwasisita ndi zala kufunafuna njerewere ndi zotupa zobisika mu ubweya, ndipo muzilembe ndi choko kuti muzizilambalala. Mahatchi otuwa ndiwo amakhala nazo kwambiri akakalamba.

Palibe lamulo loti mumalize tsiku limodzi. Pakatha mphindi 20 kapena 30, iyendetseni pang'ono ndipo muipatse mpata wokodza, chifukwa zambiri zimayamba kuvuta pa chifukwa chimenecho chokha. Ngati makina ali a chingwe cha magetsi, chingwecho chisafike pamene ingachiponde, ndipo pansi pakhale pouma.

Chisi anayankha:

Ndikufuna kunenapo pa zinthu ziwiri zimene sizinatchulidwe mokwanira. Choyamba ndi mankhwala oifooketsa kuti idekhe poimeta. Anthu ena amaona ngati kuwagwiritsa ntchito n'kulephera, koma hatchi ikachita mantha enieni ndi bwino dokotala aipatse kusiyana n'kulimbana nayo. Pali mankhwala a detomidine opaka pansi pa lilime, amene amatenga pafupifupi mphindi 40 kuti agwire. Komabe pa hatchi ya zaka 23 dokotala ayenera kumvetsera mtima wake kaye, ndipo mudziwe kuti mankhwalawa amatulutsa thukuta, choncho muyenera kuyamba ndi malo ovuta ubweya usananyowe. Hatchi yofooketsedwa imathanso kuponya chidendene mwadzidzidzi mutu uli chozolika, ndiye musaikhulupirire. Ndevu za kukamwa ndi tsitsi lalitali la m'mbali mwa maso musazikhudze, chifukwa imazigwiritsa ntchito pofufuza zinthu zimene maso ake saona, ndipo bungwe la FEI, loyang'anira mipikisano ya mahatchi padziko lonse, linaletsa kuzimeta pa mipikisano yake kuyambira mu 2021. Ubweya wa mkati mwa makutu nawonso usiyeni.

Chachiwiri, chimene kwa ine n'chachikulu kuposa kumeta kwenikweniko, ndi chofunda. Ubweya umatenthetsa chifukwa umadzuka n'kusunga mpweya wofunda pafupi ndi khungu, ndipo mukauchotsa ntchito imeneyo yagwera inu usiku uliwonse mpaka nyengo itasintha. Mabulangete a mahatchi amayezedwa ndi magalamu a zofunditsa za mkati, kuyambira lopanda kanthu longotchinga mvula, la magalamu 100, la 200, mpaka lolemera la 300 kapena kuposa. Mukameta khosi ndi chifuwa zokha, lopepuka limakwana masiku ambiri, ndipo kuifunditsa mopitirira kudzangobweretsanso thukuta limene mukuthawalo. Musaweruze pogwira makutu kapena miyendo. Pisani dzanja pansi pa bulangete kuseri kwa phewa, ndipo ngati pali pofunda ndi pouma ndiye kuti zili bwino. Bulangetelo lizivulidwa tsiku lililonse, chifukwa hatchi yokalamba imatha kuonda pansi pake kwa mwezi wathunthu mwini wake osadziwa, komanso limanyula pamapewa pamene minofu yaphwa. Onjezerani udzu wouma usiku, popeza kugayika kwa udzu m'matumbo aakulu kumatulutsa kutentha kochuluka, koma izi zimathandiza pokhapokha mano ake akutha kutafuna. Mukamapeza timipira ta udzu wotafunidwa mosamaliza titagwa pansi, dokotalayo aonenso m'kamwa.

Nachisale anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndabweranso kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Bambo Mwale, munanena zoona. Dokotala anabwera, anatenga magazi, ndipo ACTH inapezeka yokwera, moti Nyenyezi wayamba kumwa pergolide. Ziboda anaziona ndipo akuti pakadali pano zilibe vuto, koma wandiuza kuti ndizigwira tsiku lililonse kuona ngati zikutentha.

Ndinatsatira njira ya Mayi Nangozo kwa masiku asanu. Tsiku loyamba inafwenthera n'kubwerera m'mbuyo mpaka kukhoma, koma pofika tsiku lachinayi inkadya makina akulira paphewa pake, choncho mankhwala oifooketsa sanafunike. Ndinameta khosi ndi chifuwa Loweruka, pamimba Lamlungu, mwana wanga atandigwirira mwendo. Ubweya umene unagwa unadzaza ndowa ziwiri, ndipo pansi pake ndinapeza kanjerewere kamodzi pafupi ndi pamene pamadutsa lamba wa chishalo, kamene sindinkadziwa kuti kalipo. Mzere wa kumanzere wakwera kuposa wa kumanja ndi zala ziwiri ngakhale ndinajambula ndi choko, ndipo pometedwapo paoneka potuwa ngati mbewa pamene thupi lonse ndi lofiirira. Lachiwiri ndinaikwera, ndipo inauma pasanathe theka la ola.

Bambo Chisi, ndili ndi funso limodzi kwa inu. Bulangete la magalamu 100 limene ndili nalo layamba kale kuinyula paphewa lakumanja, pangotha masiku anayi okha. Kodi ndiye kuti ndi lothina pachifuwa, kapena ndiike kansalu koterera mkati mwake?