Tiziwerenga bwanji mabuku a chikhulupiriro, mbiri ndi bizinesi kuti tizipindula nawo?

Wa ku Matawale:
Moni nonse. Tili ndi kagulu ka anthu 8, timakumana Loweruka masana kukambirana buku limodzi. Timasinthasintha: lina la chikhulupiriro, lina la mbiri ya dziko lathu, lina la bizinesi. Vuto ndi loti pakangotha sabata ziwiri zambiri zimakhala zauluka, ndipo pokambirana timangovomerezana kuti wolemba wanena zoona, chonsecho tilibe njira yotsimikizira. Odziwa tithandizeni, komanso mutiuze kopeza mabuku abwino muno mu Zomba.

Mphunzitsi wa mbiri, Chirunga:
Akulu, buku la mbiri musamaliyambe pa mutu woyamba. Tsegulani kaye tsamba la kuseri kwa dzina la buku, muone chaka chomwe lidasindikizidwa. Kenako werengani mawu oyamba ndi timawu ting'onoting'ono ta m'munsi mwa masamba. M'menemo ndi momwe wolemba amaulula komwe adatenga nkhani yake. Pamwamba pa kope lanu lembani mafunso atatu: walemba ndani, adalemba liti, adamva kwa yani?

Tengani nkhani ya John Chilembwe. Nkhondo idayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915, William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira esiteti, adaphedwa ku Magomero, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale Chilembwe nayenso adaphedwa. Apa mabuku sakangana. Kukangana kumayamba pa funso loti ankafuna chiyani. Lipoti la boma la atsamunda la 1916 lidalembedwa ndi mbali yomwe idapambana, ndipo ena mwa omwe adapereka umboni nthawi imeneyo ankalankhula ali ndi mantha, anzawo atanyongedwa kale. George Mwase adalemba za Chilembwe m'zaka za m'ma 1930, koma iye kunalibe ku Mbombwe, komwe kunali mishoni ya Chilembwe, adachita kumva kwa munthu yemwe adatenga nawo mbali. Zonsezi ndi zofunika, koma sizilemera mofanana pa funso lililonse. Ndiye gawani tsamba la kope pakati: kumanzere zomwe zidachitika, tsiku ndi malo, kumanja maganizo a wolemba. Gulu likasakaniza ziwirizi ndi pomwe mkangano sutha.

Kopeza mabuku muli ndi mwayi, chifukwa National Archives, kosungira zikalata zakale za dziko, ili momwemuno. Kumeneko mumawerengera pomwepo, sabwereketsa. Mabuku a Kachere, omwe amafotokoza kwambiri mbiri ya mipingo ya m'Malawi, kwawo n'konkuno ku Zomba.

Mayi a golosale, Chinamwali:
Ine ndiyankhe za bizinesi zokha. Mabuku ambiri omwe amapezeka m'misika adalembedwa ku America, komwe mitengo siyenda ngati kuno. Mfundo iliyonse muziitembenuzira mu kwacha musanaikhulupirire.

Chitsanzo: buku likuti phindu ndi ndalama yogulitsira kuchotsapo yogulira. Mwaoda katundu wa K100,000, mwagulitsa K130,000, mukuti phindu ndi K30,000. Pobwerera kooda ku Limbe mukupeza katundu yemweyo ali pa K122,000. Chatsala ndi K8,000, ndipo simunachotsepo minibasi, chiphaso cha msika ndi zomwe ana adatapa pashelefu. Mukadya K30,000 ija mwadya mpamba. N'zomwe zidagwetsa ambiri kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Phindu muziwerengera pa mtengo wokaodanso mawa, osati wa dzulo.

Chimodzimodzi mutu wa ngongole. Wolemba akamati ngongole imakuza bizinesi, funsani chiwongoladzanja chomwe ali nacho m'maganizo. Cha banki mkhonde chimawerengedwa pa mwezi, cha kubanki pa chaka, ndipo anthu amasokonekera pomwepa. 20 peresenti pa mwezi pa K100,000 ndi K20,000 mwezi uliwonse. Tsiku lokambirana buku la bizinesi, mmodzi abwere ndi kope lenileni la malonda ake, muyesere mfundoyo pa manambala amenewo.

Mkulu wa mpingo, Domasi:
Mayi anena bwino. Ku mabuku a chikhulupiriro lamulo ndi limodzi: Baibulo likhale chotsegula pambali. Wolemba akatchula vesi, werengani chaputala chonse mokweza. Yeremiya 29:11 imakonda kugwiritsidwa ntchito ngati lonjezo la chuma cha msanga, koma mawuwo ali m'kalata yopita kwa Ayuda omwe anali ku ukapolo ku Babulo, ndipo vesi 10 ikunena za zaka 70. Lonjezolo ndi loona ndithu, koma ndi la anthu ouzidwa kuti amange nyumba, alime minda, adikire.

Khalaninso ndi Mabaibulo onse awiri, Buku Lopatulika ndi Buku Loyera. Loyambalo ndi la 1922, Chinyanja chake n'chakale ndipo mawu ena masiku ano timawamva mwanjira ina. Lachiwirilo ndi la 1998. Pomwe awiriwa asiyana kwambiri, imani pomwepo mukambirane. Abale achisilamu ngati alipo m'gulu mwanu achite chimodzimodzi ndi Qur'an, aone aya yonse ndi zoizungulira.

Wogwira ntchito ku laibulale:
Za kuiwala palibe wayankha. Mumaiwala chifukwa mumawerenga zambiri nthawi imodzi. Masamba 20 mpaka 30 pa sabata ndi okwanira. Mukamaliza mutu, tsekani buku mulembe mizere isanu ya pamtima, kenako tsegulani muone zomwe mwaphonya, ndi nambala ya tsamba pambali. Kukopera ziganizo buku lili chotsegula sikuthandiza, dzanja limagwira ntchito mutu uli mtulo. Pamsonkhano, mphindi 10 zoyamba mmodzi afotokoze za sabata yatha osayang'ana m'kope, ndipo muzisinthana.

Bambo mphunzitsi, ndisiyane nanu pang'ono: oyamba kumene asathamangire ku Archives, angakabalalike ndi mafailo. Ayambe alembetsa ku National Library, amalize buku limodzi lofotokoza mbiri yonse mwachidule, ndiyeno apite ndi funso limodzi lenileni.

Mabuku obwerekawo muziwasamala. Chinyontho cha kuno m'munsi mwa phiri chimaumbitsa nkhungu m'masamba, ndipo chiswe chimakwera ndi khoma. Shelefu italikirane ndi khoma pang'ono, ndipo buku likanyowa musaliyanike padzuwa, limapindika. Liimikeni chotsegula pamthunzi podutsa mphepo.