Fomu ikufunsa ngati ndine native speaker, ndichonge pati?

Madamu a ku Zomba: Aphunzitsi anzanga, ndigaireniko nzeru. Ndikulemba fomu yofunsira ntchito yophunzitsa Chingerezi ku South Korea, ndiye pali funso loti kodi ndine native speaker, kutanthauza munthu amene Chingerezi ndi chiyankhulo chake choyamba, eya kapena ayi. Ndinabadwira ku Zomba koma ndinakulira ku Johannesburg komwe bambo ankagwira ntchito. Kuyambira giredi 1 mpaka matiriki ndinaphunzira m'Chingerezi. M'nyumba tinkayankhula Chichewa, tikatuluka panja Chingerezi. Digiri ndinadzatengera kuno kumudzi, ndipo pasipoti ndi ya Malawi.

Aphunzitsi a ku Mzuzu: Chongani eya, Madamu. Mwana wokula ndi ziyankhulo ziwiri, zonsezo ndi zake. Palibe bodza pamenepo.

Achimwene a ku Hanoi: Bodza palibedi, koma achemwali musataye ndalama zanu. Ku Korea samvera pakamwa, amaona chikuto cha pasipoti. Viza ya E-2, ya aphunzitsi a Chingerezi, kwenikweni amapatsa nzika za mayiko 7 awa: America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Digiri nayonso amafuna yochokera ku limodzi mwa mayiko omwewo. Inu zikukutsekerezani zonse ziwiri. Mukachonga eya, ejenti adzangoti tumizani pasipoti, nkhani n'kuthera pomwepo, mwina mutalipira kale kalata ya kupolisi ndi kudinditsa mapepala.

Madamu a ku Zomba: Zimenezi zandipweteka. Mnzanga amene tinkakhala naye desiki imodzi, kuwerenga buku limodzi, angathe kupita chifukwa pasipoti yake ndi ya ku Joni. Ine ayi.

Aphunzitsi a ku Mzuzu: N'tsankho limenelo, tisalinyengerere. Bungwe la TESOL, la aphunzitsi a Chingerezi padziko lonse, linatulutsa chikalata mu 2006 chodzudzula mchitidwe wosala aphunzitsi chifukwa choti Chingerezi si chiyankhulo chawo choyamba. Kubadwira ku London sikuphunzitsa munthu kufotokozera mwana wa Fomu 2 kusiyana kwa present perfect ndi past simple. Ife amene tinalimbana nazo tokha timadziwa pomwe ana amapunthwa.

Amayi a ku Lilongwe, mkulu wa dipatimenti ya ziyankhulo: Mwanena zoona aphunzitsi, koma wa ku imigireshoni satsata chikalata chimenecho. Tiyeni timuthandize mwanayu pomwe khomo lili lotsegula.

Mwanawe, yang'ana ku Japan. Viza yawo ya Instructor, yophunzitsira m'sukulu, imafuna kuti wophunzitsa chiyankhulo akhale ataphunzira m'chiyankhulocho zaka 12. Giredi 1 mpaka 12 wakwanitsa ndendende. Ambiri a ife pamenepa timavutika, poti tinayamba ndi Chichewa ndipo Chingerezi chinkayamba kukhala chophunzitsira mu Sitandade 5, koma iwe ayi. Lembera sukulu zako za ku Johannesburg akupatse kalata yodinda, yonena zaka zomwe unakhalako komanso kuti maphunziro onse anali m'Chingerezi.

Kenako lemba IELTS, mayeso oyesa Chingerezi chako, ku British Council. Ndikudziwa kuti zimawawa kulipira mayeso a chiyankhulo chomwe umalota nacho, koma pepalalo limatseka pakamwa olemba ntchito. Ukapeza ndalama uchitenso CELTA, kosi ya Cambridge ya kaphunzitsidwe ka Chingerezi. Kumeneko safunsa pasipoti, amangofuna Chingerezi chako chikhale chapamwamba, ndipo amakuonerera ukuphunzitsa kalasi yeniyeni.

Achimwene a ku Hanoi: Ndi mapepala ngati amenewo kuno ku Vietnam ntchito imapezeka, ngakhale masukulu ena amalipira mosiyanitsa. Pa fomu yopanda malo ofotokozera, onani kaye ngati atchula mayiko. Akatchula, chongani ayi. Akapanda kutchula, chongani eya, ndipo m'kalata yofunsira ntchito mulembe mosabisa kuti munakula ndi ziyankhulo ziwiri, sukulu yonse m'Chingerezi, pasipoti ya Malawi.

Madamu a ku Zomba: Zikomo kwambiri nonse, ya ku Korea ndaisiya. Amayi, kalata ya ku sekondale yokha ingakwane? Ku pulayimale ndinasinthako sukulu.

Amayi a ku Lilongwe: Siingakwane. Sukulu iliyonse ilembe yake, zaka zilumikizane popanda mpata. Yamba ndi ya ku pulayimale poti mafayilo akale amachedwa kupezeka.