Laini yanji ya ku Mozambique pa ulendo wa Beira? Thandizeni msanga

Hosi Yoyera:
Mabwana ndithandizeni, zandikwana. Andichotsa pa Dar andiika pa Beira, Lolemba ndikunyamukanso kukatenga feteleza. Ulendo woyamba ndinayenda ndi laini yakwathu pa roaming monga ndinkachitira ku Tanzania. Ndisanafike ndi pa Moatize pomwe mayunitsi onse psiti, osaimbako ngakhale foni imodzi. Ejenti wa kudoko akufuna zithunzi za mapepala pa WhatsApp, kuofesi akufuna lokeshoni m'mawa ndi madzulo, ine ndili pa Inchope kupempha hotspot kwa madalaivala osawadziwa. Bwana akuti za SIM ndione ndekha pa alawansi yomweyo. Za kontirakiti sindikufuna, ndikufuna yongothira ndikafuna basi. Ndigule Vodacom, Movitel kapena Tmcel? Imene imagwira pakati pa Changara, Guro ndi Catandica ndi iti, paja ukafa pamenepo wafa wekha. Ndikagule kuti, ndipo pasipoti yokha ikukwana?

Thankara wa Matindi:
Movitel achimwene, ya 86 kapena 87. Kutchire uko ine ndi imene yandisunga. Inalowa 2012, kumbuyo kwake kuli Viettel ya ku Vietnam, omwe aja a Halotel ku Tanzania, ndiye kachitidwe kawo mukukadziwa kale, amakonda kuzika nsanja kumidzi. Koma Vodacom, ya 84 ndi 85, musaitaye. Ejenti wanga, mlonda wa payadi, mnyamata wa matayala pa Dondo, onsewo ndimawalipira pa M-Pesa. Ine ndili nazo zonse ziwiri.

Madala a Scania:
Mwana wanga, funso lako layambira pakati. Usanafunse laini, uli ndi foni zingati? Gula kafoni ka mabatani ka ma SIM awiri, kazikhala m'thumba la malaya. Laini ina iliyonse ukaika mmenemo igwira. Mafoni anu apagalasiwa ndi amene akukudyerani ndalama ndi batire.

Hosi Yoyera:
Madala ndamva, koma ka mabatani katumiza bwanji chithunzi cha manifesito? Vuto langa ndi data.

Madala a Scania:
Chithunzi utumiza ukafika mtauni. Thiraki ikakufera pa Guro sufuna chithunzi, ufuna kuimba.

Mwana wa Mwanza:
Iti kapena iti zilibe kanthu kwa ine, koma chonde musagule kwa anyamata oyendayenda pa Zobue aja, amene amakuuzani kuti iyi ndi yolembetsa kale, ingoikani muziyankhula. Yolembetsa inde, koma m'dzina la ndani? Mnzathu wina wa kontena anagula yotero, inagwira bwinobwino miyezi ingapo mpaka anayamba kuikhulupirira. Bwana wake anamutumizira ndalama za ma toll ndi za dizilo wowonjezera, iye n'kuziika mu akaunti ya pa laini imeneyo kuopa kuyenda ndi kashi. Atafika Chimoio foni inagwera m'madzi pochapa galimoto, SIM osawerenganso. Kupita kushopu kuti amubwezere nambala, akumufunsa chitupa cha mwini laini. Pakompyuta patuluka dzina la mayi wina amene iye sanamuonepo chibadwire. Anachonderera, anaitana womasulira, anaonetsa mameseji a bwana wake, anthu aja anangoti mwini wake abwere yekha. Ndalama zija mpaka lero. Ndipo bwana anamudula pa malipiro. Lembetsani m'dzina lanu ndi pasipoti yanu, muone ndi maso akulemba, meseji yotsimikiza ibwere mudakali pakauntala.

Wa Joni:
Ku South Africa n'chimodzimodzi. Lamulo la RICA limafuna chitupa ndi umboni wa pokhala, ndiye ambiri amangogula zolembetsa kale pa Musina. Tsiku lomwe nambala imeneyo idzapezeke pa mlandu wa munthu wina ndi pamene mudzadziwe.

Mayi a ku Dispatch:
Ndiyankhuleko ine amene ndimakusakani mukasowa. Mukaika SIM yatsopano WhatsApp isiyeni pa nambala yanu yakwathu. Imagwirabe ndi data ya laini ina iliyonse. Madalaivala ena akaona foni ikufunsa amangodina zosintha nambala, kenako ife tikuona +258 yachilendo ikutitumizira mapepala, ejenti akukana kuyankha poganiza kuti ndi akuba, ndipo ma gulupu ena mwatulukamo osadziwa. Nambala ya ku Mozambique titumizireni payokha kuti tizikuimbirani ikavuta.

Laini yakwathu isachoke mufoni. Ma code a kubanki amabwera pa SMS ya nambala imeneyo, ndipo akunyumba akadwala usiku aimba yomweyo. Chimene muzimitse ndi data roaming, muzimitse musanadindise pasipoti pa Mwanza. Mayunitsi anu aja sanabedwe ndi munthu achimwene, foni inkadzikokera yokha ma update ndi mavidiyo a m'magulupu pa mtengo wakunja.

Madala a Scania:
Mwamva mayiwa? Foni inkadzikokera yokha. Ka mabatani kadzikokera chiyani?

Makanika wa Chirimba:
Musanataye ndalama yang'anani kaye ngati foni yanu si yotsekedwa. Zotchipa zina zochokera ku Joni zimabwera zomangidwa pa netiweki imodzi, muika SIM ina ikufunsani code. Bwerekani SIM ya mnzanu wa Beira muyese muli kuno. Komanso mafoni ena a ma SIM awiri, mukapatsa data laini imodzi inayo imatsikira pa 2G, ndiye musadabwe ikamaoneka ngati yafooka. Ndipo tchaja. Soketi ya mathiraki ambiri ndi 24V, katchaja ka 12V ka pamsika kapsa, mwina n'kupita ndi foni yomwe. Werengani pathupi pake palembedwe 12 mpaka 24. Ndaona mafoni ambiri atafa chonchi kuposa ogwa pansi.

Madala a Scania:
Ndikuuzeni za March 2019, poti ena munali musanayambe kudutsa boda. Namondwe wa Idai anatipeza tili mu Beira tikudikira kulodedwa. Usiku wa pa 14 mphepo inayamba, malata akuuluka ngati mapepala, ife tagona pansi pa dashibodi. Kutacha magetsi kulibe, netiweki kulibe, laini zonse zii. Msewu wa N6 madzi anaudula, kutuluka osatheka. Anyamata a mafoni apagalasi pofika tsiku lachiwiri onse anali atazima, ndipo munthu sungamalize batire ndi dizilo wa thiraki chifukwa chotchaja foni yopanda netiweki. Kanga kanali moyo. Tochi inali yomweyo. Netiweki itayamba kubwerera, inkagwira malo amodziamodzi, anthu mulu kukweza manja m'mwamba. Madalaivala a payadi ponse anauza akwawo kuti ali moyo kudzera pa kafoni kanga. Mkazi wanga anali atayamba kale kulandira anthu odzapepesa. Ndiye mukamati Movitel, Vodacom, ine ndimati zonsezo zinagona tsiku limodzi. Chinatsala ndi batire.

Thankara wa Matindi:
Madala nkhani imeneyo timailemekeza, tinataya anzathu ndi katundu nthawi imeneyo. Koma mnyamatayu wafunsa za Lolemba likubwerali.

Wa ku Kanengo:
Ife a Lilongwe timalowera pa Dedza kutulukira Calomue, koma vuto limayamba usanafike ndi paboda pomwe. Pa M1 kuyambira Dedza, Lizulu mpaka cha ku Biriwiri msewu ukuyenda m'malire, foni imatha kulumphira netiweki ya tsidya lina uli m'Malawi momwe. Pa Mwanza ndi Zobue n'chimodzimodzi mukakhala pamzere. Ikani netiweki pa manual, musankhe nokha.

China chimene sichinanenedwe. Musathire ndalama yonse ku ma megas a data. Zisankho za ku Mozambique za October 2024 zitavuta, intaneti ya pafoni inkadulidwa, WhatsApp ndi Facebook osatseguka, ife tili pamzere misewu yatsekedwa, kuno anthu akugona pa filling station kudikira mafuta amene ali m'mathanki athu. Masiku amenewo laini imene unali nayo inalibe ntchito kwenikweni, chinkathandiza ndi kuimba ndi SMS. Amene anasandutsa zonse kukhala bandulo anangokhala nazo osatha kuuza bwana kumene ali. Siyani ka ndalama koimbira nthawi zonse, ndipo manambala ofunika alembeni mu kope, wa ejenti, wa breakdown, wa kuofesi.

Madala a Scania:
Kuimba ndi SMS. Mwamva? Ndi ntchito ya ka mabatani imeneyo. Ine sindinanene china.

Wa ku Kanengo:
Madala, yapagalasi nayonso imaimba.

Madala a Scania:
Imaimba ikakhala ndi moto.

Mwana wa Mwanza:
Chenjeraninso ndi timameseji ta Chipwitikizi timene timatulukira pagalasi pali OK ndi Cancel. Laini ina, sinditchula, inandilowetsa mu za nyimbo zoimbira anthu akamandiimbira, tsiku lililonse kadulidwe pang'ono, ine ndikungoona ndalama ikutsika. Anandichotsera ndi mtsikana wa pashopu ku Tete. Chimene simukuchimva musadine. Ndipo pogula bandulo muuzeni wogulitsa akuonetseni pafoni yanu momwe, mujambule ma step ake, chifukwa pa Vanduzi usiku simupeza wokuwerengerani.

Thankara wa Matindi:
Bandulo tengani ya sabata kapena ya mwezi. Ya tsiku imaoneka yotchipa koma kudoko simudziwa kuti mutuluka liti, sitima ikachedwa kutsitsa mukhala mukugula m'mawa uliwonse. Ndipo akakubwezerani pa Dar kwa nthawi yaitali, dziwani kuti SIM yongokhala amaitseka, nambala n'kudzapatsa wina. Musasiyemo ndalama mu e-Mola ya Movitel kapena M-Pesa ya Vodacom mukamatuluka. Tapani zonse pa Moatize.

Wa Joni:
Za Tmcel palibe wayankhapo. Ndi ya boma, 82 ndi 83, inabadwa ataphatikiza makampani awiri a mafoni, mcel ndi TDM. Ejenti wina wachikulire amene ndinkagwira naye anali pa imeneyo kuyambira kale, sankafuna kusintha nambala poti makasitomala onse ankaidziwa. Funsani ejenti wanu ali pa laini iti, kuimbirana pa laini imodzi kumatsikirako mtengo.

Hosi Yoyera:
Mabwana mwandiuza zoti ndisachite zokhazokha. Alawansi yake mukuidziwa, SIM ziwiri ndi foni yachiwiri ndi tchaja yatsopano sizituluka. Ndili ndi malo a SIM imodzi, inayo muli yakwathu. IMODZI. Ndigule iti ndipo kuti? Thiraki yolemera timadutsira pa mlatho wa Kassuende, mkati mwa Tete sindilowamo.

Thankara wa Matindi:
Ngati ndi imodzi ine ndanena kale, Movitel, chifukwa mantha anu ndi kutchire. Ejenti mukamupatsa kashi. Imani cha ku Moatize pamene pamaima anzathu, mukwere kabaza kapena txopela, njinga yamoto ya matayala atatu ija, mupite kushopu yeniyeni ya kampaniyo, pasipoti yeniyeni m'manja osati fotokope. Koma muwerengere nthawi. Mukachedwa pa Mwanza mufika atatseka.

Mayi a ku Dispatch:
Ine madalaivala anga ambiri ali pa Vodacom ndipo ndimawapeza. Malo osagwira alipo pa laini iliyonse. Chimene chimandithandiza n'choti dalaivala andiuze akunyamuka pa Changara, ndiye akapanda kumveka pa Catandica nthawi itadutsa ndimadziwa poyambira kufunsa.

Makanika wa Chirimba:
Mukapita kushopuko thiraki musaisiye yokha. Wina anabwera kuno loko wa thanki atathyoledwa, anangochoka kanthawi kochepa kukagula zomwezi. Dizilo anapopa, mabatire awiri onse anamasula. Siyani mnzanu kapena lipirani mlonda wodziwika, osati aliyense wovala chibakuwa chonyezimira.

Mwana wa Mwanza:
Ndipo ma metikali ogulira SIM musinthiretu, koma muwerenge nokha kawiri ndalama ili m'manja mwanu musanapereke kwacha. Osintha ena pa Zobue amawerenga pamaso panu bwinobwino, pokupatsani apinda zina pansi pa chala. Akayamba kukuthamangitsani kuti apolisi akubwera, bwezani ndalama yawo muchoke.

Wa Joni:
Za osintha ndalama musayambe, pa Nyamapanda anandizungulira anthu asanu nthawi imodzi, wina akuwerenga, wina akundifunsa za mpira, wina wagwira chitseko. Ndinakwera m'galimoto n'kukhoma.

Madala a Scania:
Mwana wanga wa Hosi Yoyera, wati malo a SIM ndi amodzi. Ukagula ka mabatani malo akhala atatu. Yakwathu ndi ina uika mmenemo, ya data uika mu yapagalasiyo. Pa Limbe tilipo tambiri, mtengo wake sufika ndi pa mayunitsi amene unataya usanafike Moatize aja. Ukalephera ubwere kuyadi Loweruka ndikubwereke kanga kakale, kamangofuna labala kumbuyo.

Wa ku Kanengo:
Amene ali pa Mwanza panopa, mzere wafika pati? Ndamva kuti sisitimu inagwa m'mawa.

Mwana wa Mwanza:
Yabwerera cha m'ma 11 koma ikuyenda pang'onopang'ono. Amathanki akudutsa, a feteleza ndi makontena aima. Amene muli ndi mapepala osakwana musabwere lero.