Sodium wotsika mwa wodwala khansa ya m'mapapo: drip yamutsitsanso, tikulakwitsa pati?

Namwino_wa_usiku:
Anzanga azachipatala, thandizeni maganizo. Wodwala wa khansa ya m'mapapo ya small cell, sodium (mchere wa m'magazi) anali pa 122 mmol/L, akuchita nseru ndipo mutu sukuyenda bwino. Sanatupe, BP ili bwino. Anamuika drip ya normal saline, koma sodium watsika kufika pa 119.

Dokotala_wa_impso:
Imitsani drip imeneyo, a nesi. Zikuoneka ngati SIADH (vuto loti homoni yosunga madzi m'thupi, ADH, yachuluka mosayenera), yomwe imagwira odwala 10 mpaka 15 mwa 100 alionse a small cell. Chotupacho chimapanga chokha homoni ya ADH, ndiye impso zimasunga madzi, magazi n'kusungunuka. Lita imodzi ya saline ili ndi 308 mOsm (muyezo wa kuchuluka kwa mchere ndi zina zosungunuka m'madzi, kapena kuti osmolality). Ngati mkodzo uli pa 600 mOsm/kg, impso zimataya mchere wonsewo m'theka la lita, theka linalo n'kutsala m'thupi ngati madzi okhaokha. N'chifukwa chake watsika. Tengani magazi ndi mkodzo nthawi imodzi. Pa SIADH, osmolality ya magazi imakhala pansi pa 275, ya mkodzo pamwamba pa 100, ndipo sodium wa mumkodzo amapitirira 30 mmol/L.

Clinician_wa_kumwera:
Musathamangire kulemba SIADH musanayeze cortisol wa m'mawa (homoni ya ma adrenal, tiziwalo ta pamwamba pa impso) ndi TSH (yoonetsa mmene chithokomiro chikugwirira ntchito). Khansa ya m'mapapo imakonda kufalikira ku ma adrenal, ndipo kwathu kuno TB nayo imawononga ma adrenal. Wodwala amene ma adrenal ake awonongeka amatsikanso sodium, ndipo amafuna hydrocortisone. Kumumana madzi n'kumupha. Onaninso ngati akumwa mankhwala omwe amatsitsa sodium: hydrochlorothiazide, carbamazepine, fluoxetine. Ngati analandira cisplatin (mankhwala a khansa), impso zikhoza kumataya mchere, ndipo iyeyo amakhala wouma thupi, amafunadi saline.

Dokotala_wa_impso:
Mwanena zoona, achimwene. Zikatsimikizika kuti ndi SIADH, zakumwa zonse zisapitirire 800 mpaka 1000 ml patsiku, kuwerengera tiyi, phala ndi msuzi womwe. Afotokozereni bwino omudikirira, chifukwa iwo ndi amene amamupatsa kapu ya madzi usiku pomumvera chisoni. Sodium ndi potassium wa mumkodzo mukawaphatikiza n'kuposa sodium wa m'magazi, kuchepetsa madzi kokha sikuthandiza. Apo onjezani urea 15 mpaka 30 g patsiku, kapena mapiritsi a mchere pamodzi ndi furosemide. Tolvaptan (mankhwala oletsa ADH kugwira ntchito), komwe ilipo, musaiphatikize ndi kumana madzi.

Akayamba kukomoka, kusanza kwambiri kapena kugona osadzuka, mpatseni 150 ml ya saline wa 3% kwa mphindi 20, yezani, bwerezani mpaka sodium akwere ndi 5. Ngati wa 3% palibe, 50 ml ya sodium bicarbonate 8.4% ili ndi sodium wofanana ndi 100 ml ya 3%. Chonde musapitirire 10 mmol/L m'maola 24 oyamba, kenako 8 patsiku. Kukweza mwachangu kumawononga ubongo, makamaka kwa wowonda, womwa mowa kwambiri kapena wa potassium wotsika, ndipo zizindikiro zimabwera patapita masiku angapo. Mukadutsitsa malirewo, ikani dextrose 5% ndi desmopressin 2 mcg kuti sodium atsikenso.

Auzeni a oncology (madokotala a khansa) msanga. Platinum ndi etoposide (mankhwala a khansa) zikagwira chotupa, sodium amakonda kubwerera m'masabata ochepa, ndipo akadzatsikanso pambuyo pake, fufuzani ngati khansa yabwerera.